Singano ndi fodya wopanda utsi

Mwana wa malemu mchemwali wanga timamutcha Singano. Dzina lake lenileni limamveka kuchipatala kokha, ndipo akaliitana iye amayamba wacheuka kuona ngati akunena munthu wina. Anafika pakhomo panga ali ndi zaka khumi ndi zitatu, maliro a mayi ake atangotha, ataonda moti ukanatha kumulowetsa ulusi, ndiye dzinalo linamumatirira. Lero ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo pa ntchito yoluka tsitsi amandiposa ine amene ndinamugwiritsa chipeso. Zomwe ndikufuna kunena ndi za mwana amene anali m'mimba mwake chaka chino, ndi za fodya amene anali m'kamwa mwake, chifukwa ziwirizi sizikanakhalira limodzi, china chinayenera kuchoka.

Ine ndine mayi ake aang'ono. Ndili ndi saluni ya mipando itatu kuseri kwa sitolo yogulitsa penti, chipinda chimodzi cha zenera limodzi, galasi lalitali pakhoma, beseni lotsukira mitu pakona, ndi katani yobisa zakutha zathu. Anthu amati ndine wapakamwa. Alekeni anene, pakamwa pomwepa ndi pamene palera ana anga atatu ndi wachinayi wa mchemwali wanga. Koma pa nkhani iyi yokha pakamwa panga sipandiombola.

Amene sanalukepo tsitsi amaganiza kuti ndi ntchito yocheza. Kalukeni kaye tizingwe tating'onoting'ono tija tofika m'chiuno, mudzandiuze. Mutu umodzi umadya maola asanu ndi awiri, uli chiimire, msana utapindika, zala zili noninoni ndi mafuta a tsitsi. Ukagwira chingwe sungachisiye pakati, chimamasuka ndipo uyambiranso. Za kudya iwalani, kasitomala sangadikire kuti ukasambe m'manja ndi kutafuna buledi iye mutu uli theka. Ndiye tonse atatu amene tinkaluka masiku amenewo, ine, Amake Mapasa, ndi wina amene tinkamutcha Dona chifukwa ankagwira ntchito atavala nsapato za gogoda, tinali ndi kamankhwala kathu. Anali fodya wopera, wakuda, wonyowa pang'ono, amene umatsina n'kuika kuseri kwa mlomo wa m'munsi. Njala imathawa, tulo timathawa, msana umaiwalika kwa ola lathunthu. Ndudu sitikanayerekeza, meshi imene timalukira ija ndi pulasitiki, ikangomva moto yapita, komanso palibe mzimayi angalole kuti tsitsi lake latsopano lizinunkha utsi. Wathuyu analibe utsi, ndiye tinkati si fodya kwenikweni. Tinkamutcha mankhwala a msana.

Vuto linali limodzi. Zala zamafuta sizitsina fodya, ndipo manja onse awiri amakhala ali m'mutu mwa munthu. Apa m'pamene ine, mwini nzeru, ndinapeza njira. Singano akaweruka kusukulu ankabwera kusaluni kudzasesa tsitsi ndi kutigawira meshi, ndipo manja ake anali ouma. Ndinamuphunzitsa kutsegula kabotolo, kutsina muyezo wabwino, n'kutiikira m'kamwa mmodzimmodzi kasitomala atawerama. Tinkangoti, "Singano, msana," iye n'kubwera mwakachetechete ngati akudzatipukuta thukuta. Fodya akatha, ndi iye yemweyo amene tinkamutuma kwa mayi wina wa pakona amene ankapera, ndipo pasanathe chaka ankatha kusiyanitsa wamphamvu ndi wosukuluka pongonunkhiza. Makasitomala ankamuyamikira kuti ndi mwana womvera. Ine ndinkanyadira, Mulungu andikhululukire, ndinkanyadira zedi.

Tsiku lina masana, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, tinamusowa. Dona anakamupeza kuseri kwa sitolo ya penti atagwira khoma, akusanza, nkhope ili thukuta lokhalokha, akuti dziko likuzungulira. Anali atalawa muyezo wa munthu wamkulu. Mukuganiza kuti tinatani? Tinaseka. Dona anaseka mpaka gogoda imodzi kuvuka, n'kumati mwana wabatizidwa lero. Amake Mapasa anati woyamba amatero, wachiwiri sasanzitsa. Ine ndinamupatsa madzi, ndinaseka nawo, n'kumuuza kuti ndi zimene amaona akuba. Ndinaganiza kuti kusanzako kwamuphunzitsa, moti nkhaniyo ndinaitaya pompo n'kubwerera kumutu umene ndinausiya.

Zimene sindinkadziwa, kapena ndinene kuti sindinkafuna kudziwa, n'zoti mwanayu chimwalirireni mayi ake mtima wake sunakhalepo pansi. Anadzandiuza patapita zaka zambiri kuti mutu wake unkangolankhula wokha, kubwerezabwereza mawu omaliza a mayi ake, ndipo m'kalasi aphunzitsi ankamveka ngati ali kutsidya kwa msewu. Kachidutswa kakang'ono kuseri kwa mlomo kankatontholetsa zonsezo. Kunyumba kwanga chisoni tinalibe nacho nthawi. Mwana akakhala duu ndinkamufunsa ngati mbale zatsukidwa, osati ngati mumtima muli bwino. Kabotolo katayamba kutha msanga ndinakangana ndi Amake Mapasa sabata yathunthu, ndikuwanena kuti ali ndi dzanja lalitali.

Amene anaulula anali aphunzitsi ake, mayi wamfupi wa mawu ofewa. Anabwera kusaluni atanyamula kapepala kokulunga kamene anakapeza m'thumba la yunifolomu. Anati Singano wayamba kugawira anzake awiri kuseri kwa zimbudzi za pasukulu, ndipo mwana akayamba msanga chonchi kusiya kumadzamuvuta akakula. Kenaka anandifunsa ngati pakhomo pali wamkulu amene amaika fodya ameneyu. Apo ndiye anandiponda pachilonda. Ndinawauza kuti asabwere kudzandiphunzitsa kulera pamaso pa makasitomala anga, mwana wamasiyeyu ndinamutola ndine, iwo anali kuti nthawi imeneyo. Anatsanzika mwaulemu, ife n'kuwaseka kumbuyo chifukwa cha tsitsi lawo losapesa bwino. Singano atafika ndinamukokera kuseri kwa katani, ndinamutsitsa mlomo, n'kupeza nkhama zitada. Ndinamuwomba mbama ndikumufunsa amene anamuphunzitsa khalidwe lonyansali. Mawu ankatuluka movutikira chifukwa wanga anali m'kamwa nthawi yomweyo. Iye anangondiyang'ana pamlomo.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atalephera mayeso. Ndikanatha kumukakamiza kubwereza, koma Dona anali atangochoka kukatsegula saluni yake, mpando unali wopanda munthu, ndipo zala za Singano zinali zodalitsika. Sindikunama, mwanayu ali ndi luso. Akagawa tsitsi mzere umawongoka ngati wagwiritsa rula, ndipo saluka mokoka, moti ngakhale ana aang'ono amagona m'manja mwake. Azimayi ankalawirira m'mawa n'kukhala pabenchi kudikira iyeyo, ine mpando wanga uli pululu. Ndi wanthabwala, kasitomala wovuta akangotuluka iye amamuyeserera mayendedwe ndi kalankhulidwe mpaka Amake Mapasa kumupempha kuti asiye asanadzikodzere. Agalu amawaopa kuposa imfa. Chakudya cha m'mawa sankachidziwa, ndipo ukamufunsa ankati iye njala sayimva, ngati n'chinthu chonyadira.

Atasinkhuka anayamba kucheza ndi atsikana a m'sitolo ya mafoni, amene ankamutenga Lamlungu masana kumalo kumene amakoka shisha, fodya wa m'chibotolo cha madzi uja wonunkhira ngati maapozi. Kenaka anabwera ndi kachubu kotchaja ngati foni, kotulutsa nthunzi ya fungo la mango. Nditafunsa anati ndi vepu, si fodya ayi, ndi nthunzi chabe ngati ya m'ketulo. Pomaliza anapeza timapilo toyera, ting'onoting'ono ngati chikhadabo, togulitsidwa m'kachitini kozungulira, toika kuseri kwa mlomo wa m'mwamba. Timeneti ndi timene tinamugwira mtima, chifukwa sitidetsa mano, sitinunkha, ndipo munthu sulavula. Ine ndi Amake Mapasa ankatinena kuti ndife agogo a mano adzimbiri, fodya wathu ndi wa nthawi ya makolo. Ndinkamubwezera kuti make mbuu mwana mbuu, wangosintha chitini. Tinkaseka, ndipo kunena zoona mtima wanga unakhala pansi poona kuti zake n'zoyera, zogula m'sitolo, zolembedwa bwinobwino pachivindikiro. Ndinkati zoterezi sizingakhale zoopsa.

Mwamuna wake ndi wodula magalasi a mazenera, ndiye timangoti Wamagalasi. Anabwera kudzatiikira galasi latsopano lakale litasweka, ndipo ntchito ya ola limodzi anaigwira masiku atatu. Ndi munthu wofatsa, wa zipsera m'zala zonse, amene mawu ake patsiku ungawawerenge. Samwa, sasuta. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa cha fodya iye akuwaona, ndipo tsiku lina anandiuza yekha kuti chimene anakondera Singano n'choti ndi mtsikana waukhondo, wosanunkha utsi ngati ena a masiku ano. Ine ndinangoti eya, ndi mwana woleredwa bwino. Vepu Singano ankaisiya kusaluni, timapilo ankasunga m'kachitini ka mapini a tsitsi, ndipo zaka ziwiri za banja zinatha mkamwini wanga osadziwa kanthu. Paja amati tsoka silinunkha.

Za mimba anandiuza tikutsuka zipeso pabeseni. Ndinalira, ndinavina, ndinakumbuka mchemwali wanga. Ulendo wake wachiwiri wa kusikelo ndinamuperekeza. Anamwino anali mayi wachikulire wa mandala pamphuno, wosathamanga. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi kawiri n'kupukusa mutu, kenaka anamutsitsa chikope ndi kumukweza mlomo kuti aone ngati ali ndi magazi okwanira. Atakweza mlomo wa m'mwamba anaima. Pankhama panali malo otuwa, okwinyika, pamene pankakhala kapilo tsiku lonse. Singano anayamba kufotokoza kuti iye sasuta, koma anamwino anangomufunsa kuti amaika tingati patsiku. Anati khumi, nthawi zina kuposa. Mayiyo sanakalipe. Anatiuza kuti kaya walowera mu utsi, mu nthunzi kapena m'nkhama, chimene chimakola munthu n'chimodzi, dzina lake nikotini, ndipo chimafika kwa mwana. Chimafinya njira za magazi zimene mwana amadyera, ndiye akhoza kukula mopinimbira kapena kubadwa masiku asanakwane. Anatinso Lachinayi lililonse pamakhala mlangizi wothandiza anthu ofuna kusiya. Ine ndinali nditatseka pakamwa kubisa mano, koma anandiyang'ana pamwamba pa mandala n'kunena kuti khomo la mlangiziyo ndi lalikulu, tikhoza kulowa awiri.

Titangotuluka pageti ndinayamba kumulalatira mumsewu, anthu akutiyang'ana. Ndinamuuza kuti akufuna kupha mdzukulu wanga ndi timapilo take tamakono, kuti alibe chisoni, kuti mayi ake akanakhalapo akanachita manyazi. Anandisiya ndilankhule mpaka pamphambano, kenaka anaima.

"Musiye inu, nanenso ndisiya. Ndekha sindingathe, amayi aang'ono. Ndikamakuonani mukuika, m'kamwa mwanga mumadzadza malovu."

Ndinavomera pompo, ndikudziguguda pachifuwa. Titafika kusaluni tinakhuthulira zonse m'chimbudzi, kabotolo kanga ndi kachitini kake, vepu anakaiponya kudzala. Amake Mapasa anakana kulowa nawo m'pangano, anati iwo za mimba anamaliza kalekale, ndiye tinawalamula kuti msana wawo azikauchizira kunja. Kwa mlangizi wa Lachinayi sitinapiteko. Ndinati ndani angandiphunzitse ine kusiya chinthu chimene ndinachiyamba ndekha.

Sabata imeneyo saluni inasanduka bwalo la nkhondo. Ine mutu unkandiwawa ngati andimanga waya, ndinatukwana mayi wina amene wakhala akulukitsa kwa ine kwa zaka khumi chifukwa chongosuntha khosi, ndipo sanabwerenso. Singano ankatafuna mchira wa chipeso mpaka kuuthyola, mizere yake inayamba kukhota, ankamasula n'kuyambiranso akulira chamumtima. Koma anapirira. Anayamba kudya m'mawa, masaya anatuluka. Ine ndinapirira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapita kwa mayi wa pakona uja ngati ndikukagula sopo, ndipo kabotolo ndinakabisa m'kati mwa chowumitsira tsitsi chakufa chimene chimakhala kuseri kwa katani. Ndinkaika ndili kuchimbudzi, kachidutswa kakang'ono, n'kuchukucha m'kamwa ndisanatuluke. Ndinkadziuza kuti woyembekezera si ine, bola iye asaone. Tikamatseka saluni ankandifunsa kuti lero zayenda bwanji, ine n'kumati zovuta mwana wanga, koma tilimbe.

Iye anafika masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku limenelo tinali ndi mitu yambiri ya anthu opita kuukwati, ndipo ndinaiwala kuchukucha. Amake Mapasa ananena chinachake choseketsa, ine n'kuseka kukamwa konse, Singano ali patsogolo panga. Ndinaona maso ake akutsika kuchoka m'maso mwanga kufika pa mano. Sanakuwe. Anamaliza chingwe chimene anagwira, anapukuta manja, anatenga kachikwama kake n'kutuluka. Pobwera, mlomo wa m'mwamba unali utatukuka pang'ono mbali imodzi. Ndinamutsatira kuseri kwa katani, ndikumupempha kuti aganizire mwana, kulakwa kwanga kusagwere wosalakwa.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi," anatero motsitsa mawu kuti makasitomala asamve. "Ndinkasanza kuseri uko. Inu munaseka."

Ndakhala ndikuyankha anthu moyo wanga wonse, eni nyumba, apolisi, azibambo oledzera, koma apa ndinangobwerera pa mpando wanga. Miyezi iwiri yotsatira tinkagwira ntchito pa mipando yoyandikana, tikulankhulana za meshi ndi mafuta basi. Kusikelo ankapita yekha. Ndinkaona mimba ikukula mochedwa, mapazi akutupa, mlomo uli chitukukire, ndipo ndinkaopa. Ndinkaopa kwambiri, koma ndinalibe nkhope yoti ndinenere kanthu.

Zinachitika Loweruka masana, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku ochepa. Anali pakati pa mutu wa mayi wina wa kubanki pamene anagwira mpando n'kuwerama, madzi ali chuu pansi. Mayi wa kubankiyo ndi amene anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, tsitsi theka loluka, theka lili nyankhalala. Dzuwa lisanalowe mwana anali atabadwa, wamkazi, wolemera kilo imodzi ndi magalamu mazana anayi. Sanalire. Ndinangomuona akudutsa m'manja mwa namwino wothamanga, kanthu kofiira, kamutu ngati lalanje. Anakamuika m'kabokosi kagalasi kofunditsa makanda, kachubu kopumira kali m'mphuno, kena kodyera kali m'kamwa.

M'mawa mwake dokotala anafunsa mafunso ake Wamagalasi ali pomwepo, ndipo Singano sanabisenso. Ine ndinamutsatira dokotalayo pakhonde n'kumufunsa maso ndi maso ngati ndi fodya wachititsa. Anati sanganene motsimikiza, fodya amachititsa ndithu, koma kuthamanga kwa magazi, kuima tsiku lonse ndi kusadya mokwanira nazonso zimaonjezera. Mwina ankafuna kundipepuza. Ine ndinangomva kuti zonse zimene watchulazo zimapezeka m'chipinda chimodzi, ndipo kiyi wa chipindacho ndimasunga ndine.

Mkamwini wanga anandipeza pabenchi ya panja. Anakhala kumapeto kwenikweni, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, anayamba liti?"

Bodza linali pafupi, ndikanatha kunena za atsikana a mafoni aja ndipo akanakhulupirira. Koma ndinamuuza zonse, za manja amafuta, za kutsina, za aphunzitsi amene ndinawapirikitsa, za kuseka. Anamvetsera akuyang'ana zipsera za m'zala zake. Nditamaliza anati akale ankati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma kwathu kuno adya ndi akulu, wapotedwa ndi wa tsiku limodzi. Anaimirira n'kundifunsa mwaulemu ngati ndingabweretse fulasiki ya madzi otentha. Mpaka lero amandipatsa moni wa manja awiri, koma sanakhalenso pansi m'nyumba mwanga.

Anamwino a kuchipinda cha makanda anamuuza Singano kuti mkaka wake ndiwo mankhwala aakulu a mwanayo, koma nikotini amadutsanso mu mkaka, ndipo kamtima ndi timapapo tating'ono chonchi sitifuna katundu wina. Singano anapereka kachitini kake kwa anamwinowo tsiku lomwelo, popanda pangano ndi wina aliyense. Ine sindinalonjeze kanthu, ndinali nditaona kale kuti malonjezo anga ndi otani. Saluni ndinawasiyira Amake Mapasa. M'mawa uliwonse ndinkafika ndi tiyi, buledi ndi matewera ochapa, ndipo ndisaname, ndinkayamba ndaima kuseri kwa mpanda wa chipatala kuchiza msana wanga, kenaka kuchukucha katatu ndi kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Ndinkadzida, koma ndinkachitabe.

Ndinamuona mwana wa mchemwali wanga akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ankafinyira mkaka m'kakapu, thukuta lili kamukamu, nsagwada zitalumana. Khanda litachoka m'kabokosi analimangirira pachifuwa pa mayi ake, khungu ndi khungu, ndipo Singano ankakhala choncho tsiku lonse osasuntha, akuluma kona ya nsalu. Ankakalipira aliyense, kenaka n'kupepesa, kenaka n'kulira. Mlangizi wa Lachinayi uja ankabwera kudzakhala naye, ndipo ndinachita manyazi poona kuti ndi munthu wabwinobwino, wosanyoza. Moyo wathu wonse unali pa sikelo ya m'mawa. Anamwino anatiuza kuti mwana akafika makilo awiri, akuyamwa yekha, atuluka. Lero ankakwera magalamu makumi atatu, mawa n'kutsika khumi, ife mitima n'kutsika nayo. Sabata yachiwiri mwanayo anasiya kupuma ali pachifuwa, anasanduka wotuwa, anamwino anamutikita kumsana mpaka anakoka mpweya n'kulira ngati kamphaka. Mayi wa bedi loyandikana, amene wake anabadwa wolemera kuposa wathu, anatuluka ndi nsalu zokha, wopanda mwana.

Patatha masabata asanu sikelo inaloza pa makilo awiri. Anamwino anayeza kawiri kuti atsimikize, kenaka anaomba m'manja pang'onopang'ono kuopa kudzidzimutsa makanda ena. Anatichenjeza kuti nkhondo sinathe. Mwana azibwera sabata iliyonse kudzayezedwa, akatsika abwereranso pabedi, ndipo mayi ake asayerekeze kubwerera ku zakale, chifukwa ambiri amagwa akafika kunyumba kumene kulibe wowayang'anira. Singano anangogwedeza mutu. Masabata asanu onsewo anali asanaikepo kanthu kuseri kwa mlomo.

Tinatuluka cha m'ma teni m'mawa. Wamagalasi anapita kumsewu waukulu kukafuna galimoto, n'kutisiya awiri pamthunzi wa pageti, mwana ali pachifuwa m'kati mwa bulauzi, kachipewa kokha kakuoneka. Kunja kunali phokoso limene Singano anali ataliiwala, mahutala, ogulitsa nthochi, fumbi. Kutsidya kwa msewu kunali sitolo yogulitsa timapilo tija, ndipo ndinamuona akuiyang'ana, akumeza malovu. Anasendera pafupi nane mpaka phewa lake kukhudza langa, koyamba pa miyezi itatu.

"Amayi aang'ono," ananong'ona osandiyang'ana. "Muli naye? Kachidutswa chabe. Kamodzi kokha, bambo ake asanabwere."

Ndinali naye. Kabotolo kanali m'chikwama changa pansi pa matewera, ndipo chikwamacho chinali pakati pa ife awiri. Chiyambire sindinamumanepo mwanayu kanthu akapempha ndi mawu otero, ndipo ndinkaudziwa bwino lomwe moto umene unali m'nkhama zake, chifukwa unali m'zanganso. Ndinayang'ana kachipewa kaja kakukwera ndi kutsika.

"Ndilibe," ndinatero. "Ndinasiya."

Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, m'maso, kenaka pachikwama. Singano si wopusa, ndipo anakulira m'nyumba mwanga, bodza langa amalidziwa. Misozi inatsika, sanaipukute. Galimoto inali ikukhota kubwera pageti, Wamagalasi atatulutsa mkono pazenera.

"Mawa ndidzakufunsaninso," anatero. "Mudzandinamize chomwechi."